Buku Limodzi Limene a Orenbach Sanalikonze

Olemekezeka a Meya a tauni ino ya Milnow, a Wieslaw Drabik, pamodzi ndi makhansala nonse amene mwakhala mzere wakutsogolowo. Olemekezeka a Rabi, amene mwayenda maola anayi pa sitima kuchokera ku Warsaw n'kufika mwambo usanayambe, chinthu chimene ndikupempha kuti chilembedwe m'mabuku a nyumba ino. Olemekezeka Bambo Mfumu a parishi ino, amene mwatibwereka mipando takhalirayi ndipo mwatikumbutsa kawiri kuti muifuna mawa. Olemekezeka Mayi Jadwiga Pasek, mkulu woyang'anira nyumba yosungiramo mbiri imene tikutsegula lero. Inu a banja la Kulesza, amene agogo anu anabisa munthu m'dzenje la mbatata, ndipo inu mwakabisala kumbuyo kwenikweni ngati mwalakwa. Ana ndi zidzukulu za Ayuda a ku Milnow amene mwachokera ku Haifa, ku Melbourne, ku Buenos Aires ndi ku Bulawayo. Gulu la malipenga la ozimitsa moto, limene latiimbira nyimbo zitatu, ndipo imodzi ndaizindikira. Amayi ndi abambo, ulemu wanga ukufikeni nonse. Amene ndamudumpha andikhululukire, maso akalamba.

Ine ndine Tauba Lindenfeld wa ku Lodz, dotolo wa mano wopuma pa ntchito. Kwa zaka 35 ndakhala ndikulankhula kwa anthu amene sangandiyankhe chifukwa zala zanga zili m'kamwa mwawo, choncho kuima pano sikukundiopsa konse.

Mayi Pasek atandiimbira foni kuti ndidzakhale mlendo wolemekezeka, ndinawafunsa ngati maprofesa onse a m'dziko muno amwalira. Anati ayi, alipo, ndipo ena awaitana, ndi awo akhala apowo. Koma anati komiti yagwirizana kuti wolankhula ndikhale ine, pakuti Dokotala Faivel Orenbach, amene dzina lawo lalembedwa pamwamba pa chitsekochi, analemba mayina a anthu 3,911 m'buku lawo lalikulu, ndipo analakwitsa limodzi lokha. Zotsatira za kulakwitsa kumeneko ndi izi zaima patsogolo panu zitavala diresi yatsopano.

Ndiyambe ndi moyo wawo, poti ndi chimene mwandiitanira. A Orenbach anabadwa mu 1909 kuseri kwa nyumba ino, ali mwana wa munthu woika magalasi a mawindo. Anapita kukaphunzira mbiri yakale ku Krakow, ndipo analemba buku la masamba 400 lonena za mikangano ya anthu ofufuta zikopa zaka mazana atatu zapitazo. Bukulo analiwerenga anthu atatu, ndipo mmodzi wa iwo anali mayi awo, amene sankadziwa kuwerenga Chipolishi. Atamaliza anabwerera kuno kudzaphunzitsa pasukulu ya Ayuda, ndipo bwenzi atakalambira pomwepo, akuzunza ana a eni ndi mayina a mafumu akale, ikanapanda nkhondo.

Mu Okotobala 1942 asilikali a Nazi anasonkhanitsa Ayuda onse a tauni ino pamsika umene mwaimikapo magalimoto anu lero, n'kuwakweza m'mabogi a sitima onyamulira ng'ombe. Tsikulo a Orenbach anali m'gulu lokonza msewu pafupi ndi siteshoni, ndipo anaona ndi maso awo khomo ndi khomo likukwera, kuphatikizapo makolo awo ndi alongo awo awiri. Anathawa madzulo omwewo. Mlimi wina, a Antoni Kulesza, anawalowetsa m'dzenje losungiramo mbatata kunsi kwa khola la ng'ombe, podziwa bwino lomwe kuti akagwidwa aphedwa ndi ana omwe. M'dzenjemo a Orenbach anakhalamo miyezi 22. Analibe pepala, analibe pensulo, analibe poimirira. M'mawa uliwonse, akamva kuti ng'ombe zayamba kukamidwa, ankayenda tauni yonse m'mutu, msewu ndi msewu, nyumba ndi nyumba, akutchula mayina a amene ankakhalamo mpaka makanda. Akadumpha dzina limodzi ankabwerera poyambira. Nthawi anali nayo.

Tsiku limene anatuluka, Mayi Kulesza anawaikira mbale ya msuzi patebulo, koma iwo anapempha pensulo. A banja la Kulesza, ndikuuzeni lero anthu onsewa akumva kuti mayina amene ali m'nyumba ino anasungidwa kunsi kwa ng'ombe zanu. Mungathe kuimirira kuti akuoneni. Zikomo. Khalani pansi, mwafiira mokwanira.

Nkhondo itatha anayenda m'misasa ya othawa kwawo, kuno ndi ku Germany, atanyamula makatoni a nsapato odzaza makadi, akufunafuna aliyense wa ku Milnow amene watsala. Lamulo lawo linali limodzi: dzina silingalowe m'gulu la akufa popanda mboni ziwiri. Ankati mutu umodzi susenza denga, ndipo pakamwa pamodzi sipaika munthu m'manda. Sindikunamizani kuti anthu ankawakonda. Munthu ali pakati polira, akufotokoza za mwana wake, iwo ankadikira pang'ono, kenako n'kufunsa kuti, "Pepani, koma linali Lachiwiri kapena Lachitatu?" Ena anawathira tiyi, ena anawatsekera chitseko, koma onse pomaliza anasaina.

Mu 1950 buku linatuluka, mabuku 600 ndendende, lililonse lili ndi nambala yolembedwa ndi dzanja lawo, ndipo analemba kumene lililonse lapita. Kwa anthu athu limeneli silinali buku wamba. Akufa athu analibe manda, choncho tsiku lowakumbukira likafika, anthu ankayatsa kandulo pafupi ndi bukuli.

Pa tsamba 214 pali banja la Kirszner: Lemel, telala, Tauba, mkazi wake, Roiza, wa zaka zisanu ndi chimodzi, Berish, wa zaka zinayi. Tauba ameneyo anali mkulu wawo wa amayi anga, a Hinda. Mboni yoyamba inali a Orenbach eni ake, amene anawaona anayi onsewo akukwera bogi. Mboni yachiwiri inali amayi anga. Anawapeza mumsasa mu 1946 n'kuwafunsa ngati mkulu wawo anafa, amayi anati anafa, ndipo anasaina. Chimene a Orenbach anaiwala n'chakuti miyezi isanu ndi itatu m'mbuyomo, pamzere wolandira msuzi ku Lublin, amene anawauza amayi za imfayo anali iwo omwewo. Mboni ziwirizo zinali munthu mmodzi.

Apa ndifotokoze pang'ono chifukwa cha a Meya ndi Bambo Mfumu, amene kwawo Jan amabereka Jan, Jan winayo n'kuberekanso Jan, onse n'kumadyera mbale imodzi popanda vuto. Ife sititero. Ife mwana sitimupatsa dzina la mbale wake wamoyo. Dzina limaperekedwa mwini wake akathana nalo. Amayi achikulire ankati mngelo wa imfa akatumidwa kwa wamkulu, n'kufika pakhomo n'kuitana dzinalo, mwana ndiye amafulumira kuyankha. Ndikuona a Rabi akupukusa mutu. Iwo ali ndi chifukwa china cha m'mabuku, koma chimene amayi anga ankaopa ndi chimenechi. Komanso kupatsa mwana dzina la munthu wamoyo kuli ngati kumuuza munthuyo kuti fulumira, malo ako tapereka kale. Ine ndinabadwa mu 1947, ndipo amayi, akulira, anandipatsa dzina la mkulu wawo.

Ndinasangalala nalo dzinalo zaka khumi. Lachisanu lina masana mu 1957, amayi akuluka buledi wa Sabata, kunagogoda munthu. Pakhomo panaima mayi wowonda atavala jekete lachimuna, sutikesi ya katoni m'manja, mano akutsogolo achitsulo. Amayi anangoti khu pansi, ufa uli m'manja. Anali a Tauba. Sitima ija ili m'njira, amuna awo anathyola thabwa n'kuwakankhira kunja, atagwirizana kuti aponyanso ana mmodzimmodzi, koma sitima sinadikire. Anabisala m'nkhalango, anagwidwa ndi asilikali a mbali inayo, ndipo anakhala zaka khumi ndi zitatu kum'mawa kwenikweni, akudula mitengo, osaloledwa kulemba kalata. Awiriwo, mkulu ndi mng'ono wake, anakumbatirana pansi pomwepo n'kulira mpaka anansi anadzaza pamakwerero. Kenako amayi, mutu utasokonekera ndi chimwemwe, anakuwa kuti, "Tauba, thamanga ukaitane bambo ako!"

Tinayankha awiri.

Amayi aakulu anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, kenako anatembenukira kwa mng'ono wawo.

"Iwe Hinda, waitana ndani?"

"Achemwali, tinkayesa kuti... aphunzitsi Orenbach analemba m'buku..."

"Kuti ndinafa?"

"Inde, achemwali."

"Nanga bwanji osanditumizira mawu? Ndavutikiranji milungu itatu pa sitima, nditakhalira sutikesi, pamene ndinafa kalekale?"

Amayi anathamanga kukatenga bukulo kuti awaonetse, koma amayi aakulu anabisa manja kumbuyo. Anati sangagwire manda awo omwe.

Lamlungu m'mawa tinawaperekeza ku kachipinda ka a Orenbach, pamwamba pa makwerero 64. Amayi aakulu analowa osagogoda.

"Ndinu aphunzitsi Orenbach?"

"Ndine, mayi."

"Ine ndine Tauba Kirszner."

A Orenbach anaimirira, anawayang'ana, anakhalanso pansi. "Tsamba 214," anatero chapansipansi. Anatsegula katoni, anatulutsa khadi, analiwerenga mbali zonse ziwiri, kenako anafunsa mwaulemu wonse kuti, "Mayi Kirszner, muli ndi mboni zoti muli moyo?"

Musaseke, olemekezeka. Ambulera imene amayi aakulu anamenyetsa patebulo tsikulo inathyoka pawiri. Koma mboni zinapezeka, ziwiri, ndipo zinasaina, pakuti munthuyo sakanachitira mwina. Atamaliza anavula magalasi n'kunena kuti, "Ndalakwa ndine. Nenani chimene ndichite."

"Mundifukule," anatero amayi aakulu. "M'mabuku onse 600, osatsala limodzi. Tsiku limene lomaliza lidzakonzedwe, ndidzadya patebulo la Hinda, ndipo mwanayu adzaitanidwa dzina langa ine ndikumva. Tsikulo lisanafike, ayi. Ndalumbira, ndipo inu amene mumakonda mboni, nazi zaima apa."

Kuyambira sabata imeneyo ankabwera kwathu Lachisanu lililonse, osaphonya. Ankakhala pa kampando pafupi ndi chitseko, buledi wawo pamiyendo, tiyi wawo m'botolo, n'kumaweruza kaphikidwe ka amayi ndi mphuno. "Hinda, msuziwo wachepa mchere, ndikumva ndili konkuno." Amayi ankawaikira mbale patebulo Lachisanu lililonse, ndipo Lachisanu lililonse ankaichotsa ili yoyera. Ine dzina langa linatha m'nyumbamo. Ndinasanduka Kamwana. Poopa kuiwala Lachisanu, makolo anga anazolowera kunditchula choncho masiku onse. Ndinakula mpaka kupitirira bambo anga msinkhu, ndinamaliza maphunziro, ndinayamba kuzula mano a akuluakulu a boma, koma ndikalowa pakhomo pathu ndinali Kamwana.

A Orenbach anasindikiza timapepala topyapyala 600, toyera, tophimba mzere umodzi wokha, tolembedwa kuti: Ali moyo. Wolakwa ndi F. Orenbach. Mabuku a m'dziko muno anawayendera okha, kabotolo ka phala la ufa lomatira kali m'thumba la jekete. Akunja ankawatumizira kalata ndi kapepalako, n'kulamula kuti akamata abweze yankho losainidwa ndi anthu awiri amene aona ntchitoyo ikuchitika. Bambo wina wa ku Buenos Aires anakana zaka zisanu ndi chimodzi, akuti buku la akufa silimatidwa zinthu. Analandira makalata 31, mpaka mkazi wake anamata yekha bamboyo atapita kometa. Mdzukulu wawo ali pano ndipo akugwedeza mutu. Buku la ku Bulawayo linapezeka litachirikiza mwendo wa kabati kwa mlamu wa mwini wake. Mu 1968, pamene anthu athu ambiri anakakamizidwa kuchoka m'dziko muno, a Orenbach ankapezeka pa siteshoni pafupifupi tsiku lililonse. Anthu ankayesa abwera kudzatsanzika, ndipo ankatsanzikadi, koma ankayamba apempha kuti sutikesi itsegulidwe. Iwonso anachotsedwa ntchito chaka chomwecho, koma sanachoke, pakuti makatoni awo sakanaloledwa kutuluka nawo.

Pakati pa zonsezi analembanso mabuku ena khumi ndi limodzi, amene maprofesa akhala apowo adzakufotokozerani pa nthawi ya chakudya, mufune musafune. Ine ndingotchula chimodzi. Kuyambira 1957, pa khadi lililonse anawonjezera mafunso atatu: Munaona ndi maso anu, kapena munamva? Ngati munamva, munamva kwa ndani? Ngati munamva kwa ine, tulukani. Ophunzira amene mudzagwire ntchito m'nyumba ino, mafunso amenewo anagulidwa ndi banja lathu, ndiye muziwafunsa.

Pofika 1971 mabuku 599 anali atakonzedwa. Linatsala limodzi, nambala 417, limene linaperekedwa ku kalaibulale ka bungwe la atelala ku Lodz ndipo linasowa pashelefu. A Orenbach anafunsa telala aliyense wamoyo, anafunsa akazi amasiye a atelala akufa, anayendera ogulitsa mabuku akale mpaka anayamba kuwatsekera mashopu akawaona patali. Buku osapezeka.

Mu 1974 amayi anga anadwala, matenda oti aliyense ankaona kumene akulowera. Lachisanu lina anadzikoka n'kukhala patebulo, anaika mbale ija, n'kunena kuti, "Achemwali, latsala limodzi lokha. Mwina linapsa, mwina makoswe anadya. Takhalani pano kamodzi kokha ndikuoneni mukudya chakudya changa."

"Ndinalumbira, Hinda."

"Ndani akuonani?"

"Ndidziona ndekha."

Amayi anamwalira masamba akuyoyoka chaka chomwecho. Ndinene mosabisa, poti pano ndi pamalo a choonadi: ndinadana nawo amayi aakulu. Ndinadana nawo ndi mtima wanga wonse. Koma analibe wina padziko, choncho kampando kaja kanasamukira kunyumba kwanga, ndipo Lachisanu linapitirira monga kale.

Mu Januwale 1979 anaterereka pa madzi oundana n'kuthyoka fupa la m'chiuno. Ali m'chipatala anandituma kunyumba kwawo kukatenga zovala. "Kamwana, zili m'dirowa yapamwamba. Yapansi usatsegule." Amayi ndi abambo, munthu wa zaka 32 amene akutchedwabe Kamwana, mukamuuza kuti dirowa yapansi usatsegule, mwamuuza poyambira. Munali chinthu chokulungidwa mu nsalu ya pilo. Nambala 417, chidindo cha bungwe la atelala chili pachikuto. Kubungweko ndi kumene amayi aakulu ankasoka mabowo a mabatani chibwerere.

Sindinalire, sindinaganize. Ndinakwera makwerero 64 aja ndi ukali, n'kuliponya patebulo la a Orenbach. Anali ndi zaka 70. Anayang'ana nambala, anavala chipewa, anatenga kabotolo ka phala, ndipo m'chikwama chawo cha m'thumba anatulutsa kapepala kotsiriza, kamene kanali katasanduka kachikasu.

Tinafika kuchipatala pa ola loona odwala, masana, m'chipinda cha amayi asanu ndi atatu. Ndinaika bukulo pabulangete.

"Amayi anga anafa akukuikirani mbale," ndinatero, "pamene ili linali m'dirowa mwanu."

Amayi aakulu anatembenuza mutu. Anayang'ana a Orenbach, amene anali atatsegula kale kabotolo.

"Mayi Kirszner, ndi mphindi imodzi yokha, ndiye tonse timasuka."

Bukulo linatseguka lokha pa tsamba 214. M'mbali mwa tsambalo munali mutada ndi zala.

"Werengani mokweza, aphunzitsi," anatero.

Anawerenga. Lemel. Tauba. Roiza. Berish.

"Mwamva?" anatero amayi aakulu. "Nyumba anatenga ena. Manda kulibe. Chithunzi ndilibe, ngakhale chimodzi. Malo okhawo padziko lapansi amene anayife tili pamodzi ndi pano. Lemel pamwamba, ana pansi, ine pakati, mmene tinkagonera nthawi yachisanu. M'mabuku 599 mwandichotsa, ana anga atsala ndi bambo awo ndi kapepala koyera. Ndinapempha ndekha, sindikukana. Koma limodzi ili mundisiyire."

"Nanga munalumbiriranji?" Ndinakuwa mpaka namwino anasuzumira.

"Ndinalumbira Lamlungu. Bukuli ndinalitsegula Lachinayi." Anapukuta pakamwa ndi kansalu. "Ndikanamuuza chiyani Hinda? Kuti wandilandira ndi manja awiri, koma ine ndikufuna kukhala kwa akufa?"

Amayi asanu ndi awiri enawo anali atasiya kutafuna. A Orenbach anaima nthawi yaitali, kapepala m'dzanja ili, kabotolo m'dzanja linalo. Munthu ameneyu anali atatha zaka 22 akusaka buku limeneli.

"Mayi Kirszner, bukuli ndi lolakwa."

"Ndikudziwa."

"Ndikalisiya chonchi, ndasiya bodza m'mbiri, ndikudziwa kuti ndi bodza."

"Lisiyeni."

Anatseka kabotolo. Anatulutsa khadi latsopano n'kulemba ali chiimire, atatsamira pa kabati ka mankhwala, ndipo anatiwerengera: "Buku 417. Lapezeka. Silinakonzedwe. Mwini dzina wakana." Kenako, poti anali a Orenbach, anati pakufunika mboni ziwiri zoona ndi maso. Amayi aakulu anasaina. Cholembera chinabwera kwa ine. Ndinangochigwira, dzanja osayenda, pakuti kusaina kunali kuvomereza kuti tsiku limene amayi anga analidikira zaka 17 silidzafika.

Pamenepo amayi aakulu, osandiyang'ana n'komwe, akukonza bulangete, anati, "Saina, Tauba. Aphunzitsiwa akalamba, asaime nthawi yaitali."

Ndinasaina.

Khadi limenelo lili m'katoni nambala 9, m'chipinda chakumanzere. Pansi pake pali Tauba kawiri, ndipo mngelo uja, ngati analiona, sanachitepo kanthu kwa zaka zina khumi ndi zinayi. Atatuluka m'chipatala, amayi aakulu anadya patebulo langa zaka zonsezo. Patebulo la mng'ono wawo sanadyepo, ndipo palibe kapepala kamene kangamatidwe pamenepo. Mukandifunsa ngati ndinawakhululukira, yankho ndi lakuti masiku ena inde.

Anamwalira mu 1993, pabedi, ali ndi zaka 79. Tikuchoka kumanda, a Orenbach anandigwira mkono. Ndinayesa akufuna kundipepesa. Anati, "Mayi Lindenfeld, musaganize kuti tsopano bukulo lalondola. Malo ndi chaka n'zolakwabe." Iwo anatsatira patapita zaka zitatu, ndipo pa imfa yawo panali mboni zokwanira.

Olemekezeka a Meya, tikuthokoza khonsolo yanu chifukwa cha denga ndi mawindo. Tikuthokoza amisiri, tikuthokoza onse amene munapereka, ndiponso amene munalonjeza. Tikuthokoza ana asukulu a tauni ino amene adzalowe muno n'kupeza kuti m'misewu imene akuyendamo munkakhala anthu ena, ndipo aliyense anali ndi dzina.

Mayi Pasek, tabwerani kuno. Ili ndi buku nambala 417. Ndalisunga kuyambira tsiku la maliro, koma ine ndilibe mwana woti ndimusiyire, ndipo madirowa sakhulupirika. Ndikulipereka ku nyumba ino ndi pempho limodzi, a Rabi ndi Bambo Mfumu akhale mboni zanga. Muliike m'galasi, lotsegula pa tsamba 214. Kudzabwera akatswiri, anzeru ndi achangu, amene adzaone kuti mzere wachiwiri ndi wolakwa, ndipo adzakhala akunena zoona. Muwalandire bwino, muwaonetse khadi, muwapatse tiyi. Koma mayiyo asachotsedwe pakati pa mwamuna wake ndi ana ake.

Ndi mawu amenewa, mwa ulemu umene mwandipatsa, ine Tauba, mwana wa Hinda, ndikulengeza kuti Nyumba ya Mbiri ya Faivel Orenbach yatsegulidwa kuyambira ola lino. Ndinu ambiri, ndipo mwaona ndi maso anu.

Zikomo kwambiri.